Mzere wa Miyala pa Santhe

Thiransifa ndinaipempha ndekha. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa anthu akamandifunsa mmene ndinapezekera ku Santhe ndimakonda kupotoza pakamwa n'kumati ananditumiza ndi a kulikulu, ngati kuti anachita kundikoka pansi. Bodza lenileni. Fomu ndinalemba ndi dzanja langali, ndipo pamene amafunsa chifukwa ndinalembapo kuti ndikufuna kukatumikira anthu a kumudzi. Kutumikira kwake kuti! Ndinali nditatopa kuima pakauntala ku Limbe zaka zisanu ndi chimodzi, kulongedza sopo ndi shuga m'majumbo, kumwetulira anthu amene samandiyang'ana n'komwe. Ndinkafuna mpando, ndinkafuna makiyi, ndinkafuna munthu woti azinditchula kuti a manijala.

Kampani yathu inali ndi masitolo m'matauni ndiponso kumidzi. Ya ku Santhe inakhala miyezi ingapo yopanda manijala chifukwa aliyense amene amauzidwa kuti apiteko amadwala mwadzidzidzi. Ine nditapereka fomu, yankho linabwera pasanathe sabata. Munthu wanzeru akanadabwa kuti a kulikulu, amene yunifomu yokha amatenga chaka kuti akupatse, afulumira bwanji chonchi. Ine ndinati andiona kuti ndine wakhama.

Ndinanyamuka ndi sutikesi ziwiri, matiresi, galasi lalitali lodziyang'anira, ndi nsapato za gogoda mapeya atatu. Mapeya atatu, abale! Chigawo chomaliza cha ulendo ndinayenda pa matola, nditakhala pathumba la usipa, galasi lija nditalikumbatira ngati mwana. Potsika, nsidze ndi tsitsi zinali zitafiira ndi fumbi. Ndinayang'ana uku ndi uku: dziko lathyathyathya mpaka kumene maso alekezera, zigafa za fodya zopanda kanthu, njinga paliponse. Ndinadziuza kuti malo ano ankadikira munthu ngati ine.

Sitoloyo kutsogolo inkagulitsa mchere, sopo, mafuta ophikira, matayala a njinga ndi makasu. Kumbuyo kunali chipinda chachikulu chosungiramo mbewu ndi feteleza. Zinali zaka zija za makuponi, ndipo masitolo ngati yathu ankaloledwa kulandira makuponiwo. Ndiye kuti mlimi amene dzina lake latuluka kumudzi kwawo amabwera ndi timapepala tiwiri, n'kutenga thumba la feteleza wokulitsa ndi lina la wobereketsa pamtengo wotsika. Ine za ulimi sindinkadziwa kanthu. Chimanga ndinkachidziwa chili chootcha kale, pa depoti.

Nyumba ndinapeza kwa mayi wina wamasiye, kuseri kwa msika. Anali wamtali, woonda, wosalankhula zambiri, ndipo ankalera adzukulu atatu amene mwana wawo wamkazi anawasiya atamwalira. Anandipatsa chipinda chimene malemu amuna awo ankasankhiramo fodya, moti mvula ikayandikira makoma ankanunkhabe. Tsiku loyamba lomwelo anati, "Mwanangu, pano ndi panu," ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linali mwanangu. Ndikaweruka ndinkapeza madzi osamba ali pamoto. Ndiwo akatendera, kambale kanga kanalipo. Ine ndinkadya, n'kupukuta pakamwa, kenaka n'kukwera pachulu pamene foni imagwira kuti ndiwauze anzanga a ku Limbe mmene chimbudzi cha kuno chilili. Tinkaseka mpaka mayunitsi kutha.

Lamulungu lina masana, atabwera kutchalitchi, mayi aja anandiitana pakhonde. Anatsegula buku lawo la nyimbo, pakati pake panali makuponi awiri, atawongoledwa bwinobwino.

"Zaka zitatu ndakhala ndikudikira," anatero. "Makuponi amabwera ochepa, ndiye m'mudzi mwathu timasinthana. Chaka chino dzina langa latuluka."

Munda wawo unali kutali, kutsidya kwa dambo, ulendo woposa ola limodzi. Anandiuza kuti nthaka yake ndi yamchenga, inatopa ndi fodya kalekale, ndipo popanda feteleza chimanga chimangofika m'mawondo n'kuyamba chikasu. Zaka ziwiri zapitazo chakudya chinkawathera Khirisimasi isanafike. Matumba awiri amenewa ndiwo akanati awafikitse ku zokolola zina, iwo ndi ana atatu aja.

Ine ndinadzigunda pachifuwa. "Amayi, musadandaule. Manijala ndi ine. Feteleza akangofika, anu ndikusungirani."

Anatseka bukulo. "Ayi, mwanangu. Malo anga ndikhala nawo ngati wina aliyense. Sindifuna anthu azidzati uja anadzera kukhomo la kumbuyo chifukwa amasunga manijala."

Ndinaseka mumtima kuti anthu a kumudzi ndi ovuta, ukawapatsa mwayi amaukana. Malo akewo sindinafunse kuti ndi ati.

Miyala inayamba kuoneka mvula yoyamba itangogwa. M'mawa wina ndikudzatsegula sitolo ndinapeza miyala inayi yandandalikidwa m'munsi mwa khonde. Ndinati ndi ana. Mawa lake inali yoposa khumi. Pofika Loweruka mzere unali utachoka pakhonde, kudutsa pampopi wakufa, kukhota pamtengo wa mango, mpaka kukagunda msewu. Ndipo sinali miyala yokha. Panali njerwa zobenthuka, mapale, khasu lakutha, jombo imodzi yopanda inzake, chigubu chothira mchenga, ngakhale chishalo cha njinga. Pakhomo pa sitolo yanga panasanduka padzala.

Tinali ndi mlonda, bambo wachikulire amene anayamba ntchito sitoloyo ikumangidwa. Ankagwira usiku, koma sankafulumira kupita, ankathandiza kutsegula mashata ndi kutulutsa katundu pakhonde. Ndinamufunsa kuti nyansi zimenezi akuunjika ndani iye ali pomwepo.

"Madamu, amenewo ndi anthu," anatero.

"Anthu?"

"Mwala uliwonse uli ndi mwini wake. Lole ya feteleza sidziwika tsiku lobwera. Inunso simulidziwa. Ndiye munthu asiye kubzala, azidzaima pano sabata yathunthu mvula ikupita? Amabwera, amaika mwala wake kumbuyo kwa wa mnzake ine ndikuona, amabwerera kumunda. Lole ikafika uthenga umayenda, aliyense amadzaima pamwala pake. Wakutali akachedwa, malo ake sapita."

"Nanga wina akasuntha mwala wa mnzake?"

"Sizichitika."

"Kuno kulibe akuba?"

"Aliko, madamu. Amaba mbuzi, amaba fodya m'chigafa. Koma mwala ayi."

Ndikubwereza kuti mumve bwino: anandiuza. Sindinganame kuti sindinkadziwa. Bamboyo anafotokoza zonse mwaulemu, chipewa chili m'manja, ndipo ine ndinamva liwu lililonse. Chimene ndinachita ndi kuthamangira pachulu paja madzulo ake. "Iwe, kuno miyala imaima pamzere!" Mnzanga wa ku Limbe anaseka mpaka kutsamwa, ndipo ine ndinadzimva kuti ndine wotsogola kwambiri m'boma lonse la Kasungu.

Lachiwiri la sabata yotsatira kunabwera uthenga kuti mawa kubwera bwana woyendera masitolo. Bwana ameneyu ndinkamudziwa. Anali munthu wa tayi ngakhale mu Okutobala, woyenda ndi kampango pamphuno, ndipo ntchito yake yaikulu inali kupititsa chala pashelefu n'kuchiyang'anitsitsa ngati dokotala. Za mbewu sankasiyanitsa ya chimanga ndi ya mpendadzuwa, koma kangaude amamuona ali pamsewu. Pafoni anangonena chimodzi: "Pakhomo ndipeze poyera." Zoti akubwera ndi lole ya feteleza kumbuyo kwake sananene. A kulikulu sauza munthu wa kumudzi zinthu zotero, amati udziwa ikafika.

Lachitatu ndinalawirira. Amayi anali atapita kale kumunda. Ndinavala yunifomu yosita, gogoda wakuda, n'kukafika kusitolo dzuwa likungotuluka. Ndinauza mlonda kuti atenge wilibala achotse zonsezo.

Anavula chipewa. "Madamu, mamanijala anayi adutsa pano ine ndilipo. Nditumeni kukakolopa chimbudzi, ndipita. Izi zokha ayi."

"Mukukana ntchito?"

"Ndikukana iyi yokha."

"Mwala si munthu, bambo. Wofuna feteleza aime ndi miyendo yake ngati kubanki. Kutauni timatero, ndipo palibe amafa."

Mlonda anavala chipewa chake. Anakakhala pansi pamtengo wa mango, n'kuyang'ana kumbali. Ine mtima unapsa. Ndinati munthu ameneyu akundiyesa, akuona ngati mkazi sangakankhe wilibala. Ndinapinda manja a bulauzi n'kuyamba ndekha, kuchokera pakhonde. Woyamba unali njerwa, wachiwiri phale. Wachitatu unali mwala wosalala wa kumtsinje, utamangidwa kansanza kofiira ka madontho oyera, mfundo yake yomangidwa mosamala. Mtima unandiuza kuti nsalu imeneyi ndinaionapo penapake. Ndinali ndi changu, ndinauponya muwilibala.

Mwini golosale ya kutsidya kwa msewu, bambo wachisilamu amene tinkangopatsana moni, anatuluka n'kuima pakhomo pake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mayi, eni ake mwawauza?"

"Ndilemba chikwangwani," ndinatero.

Anapukusa mutu n'kulowa. Ine maulendo asanu, gogoda akumira m'matope, kukakhuthula kukhwawa la kuseri kwa msika. Ndinasesa, ndinawaza madzi, pakhomo panali mbee. Kenaka ndinang'amba katoni n'kulembapo ndi makala kuti wofika msanga ndiye woyamba. Ndinaikhoma pamzati n'kubwerera m'mbuyo kuti ndiisirire. Chikwangwani cholembera anthu amene nthawi imeneyo anali m'minda, akuwerama, chimanga chili m'manja! Koma ine ndinaona kuti ndagwira ntchito ya sukulu.

Cha m'ma teni galimoto ya bwana inafika. Anatsika, kampango pamphuno, anayang'ana pakhomo n'kugwedeza mutu. Ndisanamalize kumwetulira ndinamva kulira kwa injini yaikulu. Lole inakhota pamsewu, itafunditsidwa lona, n'kudzaima pomwe panali mzere paja.

Ndinayang'ana mlonda. Iye anayang'ana pansi.

Uthenga unayenda monga mmene anandiuzira, koma oyamba kufika sanali eni miyala. Anali amene analibe chochita m'mawa umenewo: anyamata a pabawo, a kabaza, ndi mavenda amene ankagula makuponi kwa anthu osauka kuti akagulitse fetelezayo pamtengo wokwera. Amenewa masiku onse ankaima kumapeto, chifukwa mwala amaika mochedwa ndipo anthu ankawadziwa. Tsiku limenelo anapeza pakhomo poyera ndi chikwangwani chowaitana. Mmodzi anachiwerenga mokweza, anzake n'kuwomba m'manja. "Manijala uyu ndi wophunzira!" anatero. Ndi chiyamikiro chokhacho chimene ndinalandira kwa anthu a pa Santhe, ndipo chinachokera kwa mbava.

Kenaka anayamba kufika eni ake. Ena pa njinga, ambiri wapansi, akuthamanga, matope mpaka m'mawondo, makasu ali paphewa. Aliyense ankafika n'kulunjika pamene anasiya mwala wake, n'kuima, n'kuyang'ana pansi. Azibambo aimvi kuzungulirazungulira pabwalo losesedwa ngati ataya singano. Mayi wina ankangobwereza kuti, "Panali jombo apa, panali jombo apa." Atazindikira kuti mzere kulibe, aliyense anathamangira kukhomo, ndipo chinali chipwirikiti. Kukankhana, kupondana, ana kulira kumsana. Anthu amene zaka zonsezi ankaima mwaulemu, wina kumbuyo kwa mnzake, ndinawasandutsa nkhuku zolimbirana madeya, ine ndi tsache langa.

Bwana uja anathawira kuseri kwa kauntala. "Tsekani chitseko! Gulitsani pawindo!" Tinatseka. Pawindo la zitsulo pankalowa mikono yokhayokha, uliwonse utagwira makuponi, ndipo mkono wautali ndi wamphamvu ndi umene unkafika. Ine ndinkalandira, kudinda, kulandira, kudinda, osaona nkhope. Matumba ankatulukira pakhomo la m'mbali. Bwana anaima pambali panga, akupukuta thukuta, akuti, "Zikuyenda, zikuyenda."

Amayi anafika dzuwa lili pamutu. Ndinawaona kudzera m'zitsulo. Sanathamangire pagulu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamzati wa khonde, pamalo achitatu kuchokera pasitepe, n'kuima pomwepo, buku la nyimbo lili m'manja. Anayang'ana pansi. Anayang'ana chikwangwani, ngakhale kuwerenga kunkawavuta popanda magalasi. Kenaka anapita kwa mlonda. Sindinamve zimene anafunsa, ndinangoona mlonda akuloza ndi mlomo kuwindo kumene ndinali. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kumene ndinaona kansalu kofiira kaja. Chitenje chake chinkayanikidwa pachingwe kunyumba, pafupi ndi yunifomu yanga.

Ndinauza bwana kuti ndikupita kuchimbudzi. Ndinatulukira kumbuyo, n'kuzungulira, n'kuwagwira mkono.

"Amayi, bwerani kuno. Patsani makuponiwo, matumba atsala ochepa. Mudzere uku, palibe aone."

Anachotsa mkono wawo pang'onopang'ono.

"Patsogolo panga panali anthu awiri. Abambo a njerwa aja ndi awo akhala pansi apowo, awapweteka mwendo. Wa phale ndi mayi woyembekezera wa kutsidya kwa dambo, sangalowe m'gulu limeneli. Alandira?"

"Ayi amayi, koma zimenezo tiona pambuyo."

"Ndiye ine ndilowa bwanji? Lamulungu ndikakhala nawo benchi limodzi."

"Amayi, ana aja adya chiyani?"

"Zimenezo mukuzifunsa pano?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kugogoda wanga wamatope.

"Mwala wanga uli kuti?"

"Kukhwawa."

"Mwautaya ndinu?"

"Ndine."

"Oo."

Basi. Ndikanakonda akananditukwana, akanandilavulira, akananditayira matiresi panja. Anangoti oo, n'kubwerera kukaima pamalo achitatu paja, pomwe panalibe mzere uliwonse. Anaima pamenepo mpaka cha m'ma fili, pamene thumba lomaliza linatuluka paphewa pa mnyamata wa kabaza. Atamva kuti watha, anaika buku lawo kukhwapa n'kupita kukathandiza abambo a njerwa aja kukwera njinga.

Bwana anachoka wokondwa. Anati sanaonepo sitolo yomaliza lole yathunthu tsiku limodzi, ndipo pakhomo pathu panali poyera kuposa masitolo onse amene anayendera. Patapita masabata awiri kunabwera kalata yochokera kulikulu, yondiyamikira chifukwa cha ukhondo ndi changu, yokhala ndi chidindo ndi siginecha yopiringizika. Anthu okhala m'maofesi a mphepo yozizira, amene feteleza amamuona papepala pokha, ananditcha chitsanzo chabwino. Kalatayo ndikadali nayo. Ndimaiwerenga ndikaona kuti ndayambanso kudzimva.

Anthu tinawauza kuti lole ina ikubwera. Ndinkanena zimenezi tsiku lililonse pawindo, mwina ndinkazikhulupirira. Ndinkakwera pachulu kuimbira kulikulu, iwo ankati mawa, kenaka sabata yamawa, kenaka anasiya kuyankha. Anthu sanaikenso miyala. Ankabwera okha kudzakhala pakhonde, kusiya minda ikumera udzu, kuopa kuti lole ingafike iwo kulibe. Imeneyonso inali mphatso yanga kwa iwo. Lole sinabwere, ndipo nthawi ya makuponi inatha.

Kunyumba madzi osamba ndinkawapezabe pamoto. Kambale ka ndiwo kankabwerabe. Chimene chinasintha chinali chimodzi chokha. Madzulo a tsiku lomwelo la chipwirikiti, nditalowa pampanda, amayi anati, "Mwaswera bwanji, a manijala?" Mwanangu uja anathera pomwepo. Dzina limene ndinalinyamukira ku Limbe, limene ndinalilembera fomu yabodza, ndinalilandira tsopano m'mawa ndi madzulo, ndipo nthawi iliyonse linkandilasa.

Ndinayesa kukonza, monga amachitira anthu opusa zinthu zitaonongeka kale. Nditalandira malipiro ndinaitanitsa thumba limodzi la wobereketsa kuchokera kuboma, pamtengo wake wonse, chifukwa m'sitolo mwathu munalibe feteleza ngakhale kambewu kamodzi. Linafika Januwale akupita kumapeto. Ndinalikweza pa kabaza mpaka kunyumba, ndikuyembekeza kuti mwina ndimvanso mwanangu. Amayi analandira ndi manja awiri. "Zikomo, a manijala." Mawa lake analigawa patatu ndi beseni, gawo lina kwa abambo a njerwa, lina kwa mayi wa phale, amene anali atachira kale. Lotsalalo anakathira kumunda.

Loweruka lina ndinawatsatira kuti ndikaone. Aka kanali koyamba kuti ndiponde m'munda wa munthu chifikire ku Santhe, ndipo gogoda ndinamusiya. Chimanga chinali chachikasu, choonda ngati bango, chitamasula kale chili m'chiuno mwanga. Munda woyandikana nawo unali wa munthu amene mwana wake anali ndi mkono wautali pawindo paja, ndipo chimanga chake chinali chobiriwira mpaka kuda. Amayi anangopitirira. Anandionetsa pamene pamera maungu n'kundithyolera nkhwani.

Mu Febuluwale amayi anayamba kupita kuesiteti ina kukasoka fodya kuti azilandira ndowa ya chimanga. Munthu wa msinkhu wa mayi anga, kukhala pansi m'chigafa tsiku lonse, kubwera manja atada bii ndi utomoni, akutsokomola. Mbuzi zawo ziwiri zinapita. Nditati ndizigula ufa wa nyumba yonse, analola kamodzi, kachiwiri anati alendo sadyetsa eni nyumba. Zokolola zitabwera, chimanga chonse chinakwana pangolo imodzi osadzaza. Mu Juni anatenga mdzukulu wamng'ono, wamkazi, amene ankagona naye mphasa imodzi, n'kukamusiya kwa achibale ku Wimbe, chifukwa pakamwa panachuluka. Anabwerera okha madzulo, n'kukhala pakhonde nthawi yaitali osayatsa moto. Tsiku limenelo madzi ndinatereka ndine, ndipo ndinalira m'bafa ngati mwana, mopanda phindu lililonse.

Chilimwe chimenecho ndinapita kukhwawa. Ndinanamizira kuti ndikukataya makatoni. Madzi a mvula anali atakokolola zambiri, zina zitakwiririka ndi zinyalala za kumsika. Ndinafukula ndi kamtengo, anthu ogulitsa tomato akundiyang'ana n'kumanong'onezana kuti manijala wapenga. Ulendo wachitatu ndinaupeza mwala wa amayi uja. Kansanza kanali katasuluka, koma mfundo ija inalipobe. Ndinautsuka ndi sopo wa m'sitolo n'kuubisa m'kabati ya ofesi, pamodzi ndi kalata ya ukhondo ija.

Mitambo itayamba kusonkhana, ndinaitana mlonda. Ndinamuuza kuti auze anthu kuti chaka chino miyala ibwerere, palibe adzaikhudze, ndipo bwana wa kampango akafuna poyera akasese kwawo. Mlonda anangoti, "Ndamva, madamu." Sanandiyamikire, ndipo anachita bwino. Ine m'mawa mwake ndinalawirira kuposa aliyense, n'kutulutsa mwala uja, n'kuuika pamalo oyamba penipeni, pafupi ndi sitepe.

Mlonda anauyang'ana. "Mwini wake akudziwa?"

"Adziwa akauona."

"Mwala munthu amaika yekha, madamu."

"Uwu wokha ulekeni."

Anaulekadi. Ina inayamba kubwera, mochedwa ndiponso mokayikira, ena akuika n'kuima kaye pataliko kuona ngati ndituluke ndi wilibala. Pofika Lachisanu mzere unali utadutsa pampopi wakufa paja. M'mawa uliwonse ndinkasesa ndi katsache kakang'ono, mozungulira mwala uliwonse, nditawerama. Mumtima ndinkadziyamikira kale. Ndinkaona amayi akudutsa, akuona mwala wawo uli patsogolo pa onse, akugwetsa misozi, akundikumbatira. Mukuona kuti ngakhale pamenepa ndinali ndisanachire.

Anadutsa Loweruka, akuchokera kuchigayo, kathumba kali pamutu. Anaima. Anauyang'ana mwalawo, ndipo ndinaona kuti auzindikira. Ndinatuluka msanga, tsache lili m'manja.

"Amayi, ndinakaufuna. Chaka chino muli oyamba."

Anatula kathumba kaja pansi, n'kukonza nkhata.

"Oyamba kukatenga chiyani?"

"Feteleza, amayi."

"Ndi chiyani? Ndinakuuzani kuti m'mudzi mwathu timasinthana. Chaka changa chinali chatha chija. Dzina langa linatuluka, makuponi ndinalandira, m'kaundula analemba kuti ndinathandizidwa. Chaka chino ndi cha ena, chamawanso ndi cha ena."

"Koma simunagule kanthu."

"Makuponi aja akadali m'buku la nyimbo. Mukawafuna ndikupatsani."

Anawerama, anasenza kathumba kawo, n'kuyang'ana mzere wonsewo mpaka kumtengo wa mango.

"Chotsani mwalawo, a manijala. Mukutsekereza anzanu amene ali ndi makuponi."

Anapitiriza ulendo wawo wa kunyumba. Ndinawerama n'kuutola. Mlonda anadzuka pamene anakhala, n'kuyamba kusunthira miyala ina ija kutsogolo, umodziumodzi, aliyense m'malo mwake.